Kamawu Kamodzi Patsogolo pa Dzina

Gary, Indiana
13 Febuluwale 1966

Akazi anga okondedwa Idella,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lija limene limadziwa za chisanu wailesi isananene. Kaya inu ndi mtsikana wathu Vernell muli bwanji kumeneko ku Harlow. Akulemba kalatayi ndi Mayi Greer, eni nyumba ino, monga mwa nthawi zonse, ndipo ndawachenjeza kuti alembe mawu anga okhaokha, asathiremo mchere wawo.

Kalata yanu inandipeza nditangoweruka. Mayi Greer atafika pamene munati Vernell amulemba ntchito ku nyuzipepala ya m'tauni mwathu, ndinawauza kuti abwereze. Anabwereza. Nditati abwerezenso, iwo anati, "Bambo Tarver, mawuwa sasintha ngakhale ndiwerenge mpaka Isitala. Mwana wanu ndi mtolankhani, khalani pansi musanagwetse nyale yanga."

Idella, ofesi imene ija ine ndinkaperekako nkhuni ndili mnyamata, ndipo khomo lakutsogolo sindinalikhudzepo. Lero mwana wa Cleophus Tarver ali ndi desiki m'menemo. Ndamva kuti azingolemba kadanga ka nkhani za ife akuda pa tsamba lakumapeto, za maukwati, za kutchalitchi ndi za maliro, ndiponso kuti desikiyo ili pafupi ndi khomo lakuseri. Zilibe kanthu. Desiki ndi desiki. Agogo anga anabadwa akapolo, ndipo nthawi yawo munthu wakuda akapezeka ndi buku ankakwapulidwa. Mumuuze Vernell zimenezo akamadandaula za fungo la inki.

Ku fakitale ya zitsulo ndauza aliyense, ngakhale kapitawo amene sanandifunse. Roscoe, mnzanga wosesa naye uja, anati, "Mwana wa iwe, Cleophus? Iwe amene umagwira nyuzipepala chadodolido?" Ndinati, "Anatengera amake." Iye anati, "Tithokoze Mulungu, nkhope nayonso akhale atatengera komweko."

Ndatumiza madola makumi anayi ndi asanu ku positi. Mugule malata awiri a pamwamba pa khitchini mvula isanalimbe, ndipo muitane Dikoni Pruitt adzakhome, osati mlamu wanga, chifukwa iye amakhoma msomali umodzi n'kudya mbale ziwiri. Zotsalazo Vernell agule nsapato zabwino zopitira kuntchito.

Munalemba kuti masiku ano mukumapumira kawiri panjira popita kutchalitchi. Njira ija ndi yaifupi, Idella. Pitani kwa dokotala ndipo mundiuze zimene anene, osati zimene inu mukufuna kuti ndimve. Malichi wa chaka chamawa ndilandira penshoni, ndibwera kwathu ku Mississippi ndipo sindidzakweranso basi.

Amuna anu,
Cleophus Tarver

*

Gary, Indiana
20 Malichi 1966

Akazi anga okondedwa Idella,

Moni kwa inu ndi kwa mtolankhani wathu. Ine ndili bwino. Kachifuwa kanandigwira pang'ono koma ndi fumbi la kuntchito chabe. Ndakondwa kumva kuti malata akhomedwa. Za dokotala simunalembe.

Timapepala timene munadula mu nyuzipepala tafika. Dzina la Vernell ndinalipeza ndekha ndi chala, popanda wondithandiza. Sukulu ndinalekeza kalasi yachitatu, koma dzina la mwana wanga sindingalisowe. Kamodzi ndakaika m'chikwama cha ndalama, ndipo Lamlungu kanazungulira benchi yonse ya madikoni nthawi ya ulaliki.

Mwanayu amalemba ngati akukugwira dzanja. Nkhani ya ubatizo wa ku mtsinje ija ndinachita kumva kuzizira kwa madzi. Koma Mayi Greer powerenga nkhani ya maliro a Mayi Hattie Coleman anaima, navula magalasi.

Anati, "Bambo Tarver, mzamba ameneyu anali wa zaka zingati?"

Ndinati, "Anapitirira makumi asanu ndi atatu. Ndi amene anamulandira Vernell pobadwa, ndipo ana a azungu ambiri m'tauni muja anadutsa m'manja omwewo."

Anati, "Apa alemba kuti Anti Hattie. Pamwambapa mtsikana wachizungu amene wangokwatiwa dzulo amulemba kuti Mayi Wakutiwakuti. Kodi kwanuko zikadali choncho?"

Ndinawauza kuti iwo anachoka kumwera ali khanda, ndiye ayiwala. Nyuzipepala ija chiyambire sinaikepo Bambo kapena Mayi patsogolo pa dzina la munthu wakuda. Ukakhala wamng'ono ndiwe mnyamata, ukakalamba ndiwe Ankolo kapena Anti, pakatipo ndiwe Cleophus basi. Abusa amene amawatchula kuti Mlaliki, kuthawa kamawu kamodzi komweko.

Tsono inu mwalemba kuti Vernell anaika Mayi patsogolo pa dzina la malemuwo, ndipo Bambo Whitlow, mkonzi wa nyuzipepala, anafufuta ndi pensulo yofiira, ndiye mwana anabwera kunyumba osadya. Mumuuze kuti bambo ake akuti adye. Wangolowa kumene pakhomopo. Alembe zimene waona, alembe zoona, ndipo pensulo yofiira aisiyire mwini wake. Ife tikudziwa amene anali Mayi Coleman, ndipo Mulungu akudziwa.

Nyama kuno yakwera mtengo moti Mayi Greer akumatiphikira nyemba ndi fupa limodzi lomwelo kuyambira Lolemba. (Ine Odessa Greer ndikuwonjezera kuti fupalo ndi latsopano, ndipo bamboyu amatenga kawiri.) Ndatumiza madola makumi atatu. Mbatata mubzale kumtunda, kumunsi kuja madzi amaima.

Amuna anu,
Cleophus Tarver

*

Gary, Indiana
15 Meyi 1966

Idella wanga,

Moni. Ndili moyo ndipo ndikugwira ntchito. Kaya inu. Kalata iyi muwerenge mokweza Vernell ali pomwepo, chifukwa zambiri ndi zake.

Mwandiuza kuti mlungu uliwonse iye amalemba Bambo ndi Mayi, mlungu uliwonse Bambo Whitlow amafufuta, ndipo tsopano amuitanira mu ofesi n'kumuuza kuti, "Mtsikana iwe, nyuzipepalayi inayamba ndi agogo anga. Ukafuna kulemba mwa iwe wekha, kagule makina ako." Mwandiuzanso, mzere umodzi wokha kumapeto ngati ndi nkhani ya nkhuku, kuti galimoto ina yakhala ikuima pamsewu moyang'anana ndi khonde lathu. Ya ndani? Muli anthu angati? Dikoni Pruitt akudziwa?

Ndipo ndaona kuti inu muli kumbali ya mwana. Sindikudabwa. Chaka chatha munavala chipewa cha Isitala kupita kukalembetsa voti, n'kuima padzuwa mpaka kalaliki anatopa ndi kukuyang'anani. Ndinanyada ndipo ndikunyadabe. Koma tulo sindinagone mpaka kalata yanu itafika.

Vernell, mwana wanga, tamvera. Zimene iwe unawerenga m'mabuku a ku koleji ine ndinazisenza pamsana. Chaka cha chigumula chachikulu, 1927, mtsinje utasefukira, anatisonkhanitsa amuna akuda onse kukasenza matumba a mchenga. Anatimangirira kachikwangwani pamalaya kosonyeza mwini munda amene tinkamulimira, ngati katundu wa pa sitima, ndipo asilikali anaima ndi mfuti kuti tisachoke. Msuweni wanga Ezell anali ndi pakamwa ngati pako. Anafunsa funso limodzi lokha, mwaulemu, chipewa chili m'manja. Amayi ako akuuza zotsalazo ngati akufuna. Ine sindiwalembetsa Mayi Greer zimenezo.

Sindikunena kuti ukulakwa. Ndikunena kuti ndili ndi mwana mmodzi. Ine ndinachoka kwathu makina atayamba kuthyola thonje, ndakhala zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi m'chipinda cha lendi, ndikuona amayi ako pa Khirisimasi ndi mu Ogasiti mokha, kuti iwe ukhale pa desiki osati pa ndowa yochapira. Voti tapeza. Desiki tapeza. Kamawu kamodzi kangathe kudikira. Ntchito imeneyo ukaitaya, sadzalembanso wakuda wina mpaka iwe utamera imvi, ndipo adzati tinayesa mmodzi anatilephera.

Mayi Greer akupukusa mutu polemba. Ndawauza kuti mutu ndi wawo koma kalata ndi yanga.

Idella, mapiritsi amene dokotala wakupatsani aja, a pansi pa lilime, musamawasiye m'chikwama cha kutchalitchi. Ndipo zochapa za anthu musiye. Ndalama ndizitumiza, ndayamba kugwira ndi Loweruka lomwe.

Amuna anu ndi bambo ako,
Cleophus Tarver

*

Gary, Indiana
17 Julayi 1966

Akazi anga okondedwa,

Moni wa chikondi. Kuno kwatentha moti phula likumata nsapato, ndipo utsi wa ng'anjo za zitsulo wakhala pamwamba pa tauni ngati bulangete lonyowa. Ine ndili bwino. Inu muli bwanji? Funsoli ndikufunsa ndithu, si moni chabe.

Mayi Greer akuti kalata yanu yomaliza mawu ndi anu koma dzanja ndi la Vernell. Chiyambire simunalembetsepo munthu kalata. Chavuta n'chiyani ndi dzanja lanu?

Ndaonanso kuti mwanayo analemba masamba awiri a mawu anu osaikapo moni wake ngakhale m'mphepete. Akadali wokwiya. Musiyeni. Kuumako anatengera kwa inu, ine ndinangomupatsa mapazi aakulu. Bola ntchito akugwirabe, ndipo mwati wasiya kulimbana ndi pensulo yofiira. Mtima wanga wakhala pansi, ngakhale kuti timapepala timene mukutumiza masiku ano sitikundigwira dzanja ngati kale. Mayi Greer akuti akulemba ngati munthu wowerenga mitengo ya m'sitolo. Ine ndinati atopa ndi kutentha.

Lamlungu nditakhala pakhonde ndinakumbuka m'mene ndinakuonerani koyamba. Anyamata ogwira ntchito m'sitima ankaponya mtolo wa nyuzipepala ya anthu akuda ya ku Chicago pa zenera, sitima ikudutsa pa mlatho, ndipo malume anu ankakautola n'kuubisa m'thumba la chimanga. Madzulo anthu ankadzaza kuseri kwa nyumba yawo, wina ataima pamsewu kuyang'ana obwera, ndipo inu munkawerenga mokweza mutakhala pa mgolo. Munali ndi diresi yachikasu. Tsiku limenelo munawerenga za munthu wina wakuda amene anatsegula sitolo ku Chicago, ndipo nyuzipepala inamutchula kuti Bambo. Mkulu wina anati, "Bwereza pamenepo, mwanawe." Munabwereza, anthu n'kuseka ngati amva nthabwala. Ine sindinamve bwino za sitoloyo. Ndinkangoyang'ana m'mene munkanyowetsera chala potembenuza tsamba.

Nditawauza zimenezi Mayi Greer anaika cholembera pansi. Anati, "Ndiye inu munakwatira mkazi chifukwa cha nyuzipepala yonena kuti Bambo, lero mukuletsa mwana wake kulemba mawu omwewo?"

Ndinati, "Ndinamukwatira chifukwa cha diresi yachikasu."

Anati, "Amuna inu mukafika kumwamba adzakusiyani panja kaye kuti muganize."

Tchuthi andipatsa kuyambira pa 6 Ogasiti, tikiti ya basi ndagula kale. Musaphike chilichonse, mwamva? Chigumu cha chimanga apange Vernell, ngakhale chake chimafuna nyundo. Inu mungokhala pakhonde ndikupezeni mutakhala. Ndakugulirani nsalu ya buluu ya maluwa ang'onoang'ono, ndipo sindikuuzani mtengo wake chifukwa mungandibweze nayo.

Amuna anu amene akuwerenga masiku,
Cleophus

*

Gary, Indiana
4 Seputembala 1966

Mwana wanga Vernell,

Moni. Ndinafika bwino, ndipo ntchito ndayamba. Kaya iwe ukudya. Azakhali ako Zenobia ndinawapempha kuti azigona kunyumbako mpaka mwezi uthe, usawathamangitse ngakhale amalankhula ndi m'tulo momwe.

Mayi Greer pokonzeka kulemba anayamba okha ndi dzina la amayi ako, mwachizolowezi, ndiye tataya pepala limodzi.

Ndikuthokoza Mulungu kuti ndinawapeza akadali moyo, ndi kuti tinakhala limodzi masiku aja pakhonde. Ndikuthokoza iwenso. Zonse zimene unkachita miyezi imeneyi, kuwasambitsa, kuwanyamula, kuthamanga kuchokera ku ofesi masana kudzawapatsa msuzi, palibe anandiuza. Awiri inu munagwirizana zondibisira, ndipo nsalu ya buluu ija inagwira ntchito imene sindinaigulire. Anaoneka bwino nayo. Sindikwiya.

Pa siteshoni ya basi unandifunsa funso ndipo sindinakuyankhe. Unati Bambo Whitlow akupatsa malo aakulu pa tsamba lako kuti ulembe za amayi ako, ndi chithunzi chomwe, kwaulere, koma dzina likhale monga mwa nthawi zonse. Unati wakhala ukuzengereza milungu iwiri, ndipo unati, "Ababa, ndinakumverani pa anthu ena onse. Pa amayi ndichite bwanji?" Basi inali italiza kale injini, ndipo ine ndinangokwera. Ndaganiza njira yonse, kudutsa Tennessee, Kentucky, mpaka kuno.

Pali zinthu ziwiri zimene sukuzidziwa. Tsiku lotsatira maliro ndinakumana ndi Bambo Whitlow kutsogolo kwa positi. Anaima, ndipo ndikhulupirira kuti chisoni chawo chinali chenicheni. Anati, "Pepa, Cleophus. Idella anali mtsikana wabwino. Mayi anga ankati palibe wosita malaya ngati iye." Ine ndinati zikomo bwana, chipewa chili m'manja. Mtsikana wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri, amene anaphunzitsa Sande sukulu ana a m'tauni yonse.

China ndi ichi. Tsiku lina iwe uli kuntchito tinayamba kukangana za nkhani yomweyi, amayi ako ali pa mpando wogwedera uja, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Anati, "Cleophus, ine ndinaima pamaso pa abusa ndi mpingo wonse, ndinasaina m'buku la boma, ndipo ndakupirirani zaka makumi anayi, inu ndi mkonono wanu. Ngati zimenezo sizindipanga kukhala Mayi, ndiye ndinavutikira chiyani?" Tinaseka mpaka anayamba kutsokomola. Sanandipemphe kanthu. Amayi ako sankapempha, ankangonena chinthu n'kukusiya nacho.

Tsono yankho langa ndi ili. Ntchito ndi yako, sindikulamula. Mantha amene ndinali nawo mu Meyi ndikadali nawo, sanachepe. Koma ngati ukufunsa mwamuna wa malemu, iye akuti ulembe Mayi Idella Tarver. Akakana, usalembe chilichonse, tsamba likhale lopanda dzina lawo. Kuli bwino kuti tauni isawerenge n'komwe kusiyana ndi kuti iwerenge ngati wamwalira ndi mwana wa pakhomo pa munthu.

Ukalemba, uikemo kuti anabadwira ku munda wa thonje wa kutsidya kwa mlatho, kuti anawerengera anthu nyuzipepala ndi makalata kuyambira ali mtsikana osalandira kanthu, kuti anavota kamodzi asanamwalire. Uikemo kuti ankaimba molakwika koma mokweza. Chimenecho mwina usaike, uona wekha, ndiwe wodziwa ntchitoyo.

Ntchito ikatha, yatha. Ine manja ndikadali nawo.

Bambo ako,
Cleophus Tarver

*

Gary, Indiana
18 Seputembala 1966

Vernell mwana wanga,

Moni. Ndili bwino. Iwe uli bwanji?

Palibe kalata. Ndinaimba foni ku sitolo ya Dikoni Pruitt, anati anakuona Lachiwiri ukupita kuntchito utavala zakuda, ukuyenda mwachangu ngati amayi ako. Zina sanandiuze, ndipo madola awiri anathera pa kumva za nyamakazi yawo.

Ngati waganiza zosunga ntchito ndi kulemba monga akufunira, usaope kundiuza. Sindidzakuchepetsa. Ndinakulemetsa ndi mawu mu Meyi, ndakulemetsanso ndi ena mu Seputembala, ndipo amene akulowa pa khomo lija m'mawa uliwonse ndi iwe, osati ine. Ungondilembera mzere umodzi kuti uli moyo.

Mtedza wa mu mtengo wa kuseri ukayamba kugwa, uzitola m'mawa agologolo asanakutsogolere. Msonkho wa malo ndi wa mu Novembala, ndalama yake ndatumiza, usaigwiritse zina. Khomo la kukhitchini uzikhoma.

Bambo ako

*

Gary, Indiana
9 Okutobala 1966

Mwana wanga wokondedwa,

Moni, ndipo Ambuye akusunge. Ine ndili bwino.

Envulopu yako yaikulu inafika Lachisanu. Munali nyuzipepala yathunthu ndi kapepala ka mizere iwiri: "Ababa, onani tsamba lakumapeto. Ntchito yatha." Mayi Greer anafuna kuti awerenge, ine ndinati dikirani. Ndinayala nyuzipepala pa tebulo, ndinapeza chithunzi cha amayi ako ndi chipewa chawo, ndipo pansi pake ndinatsata ndi chala. Dzina lawo ndimalidziwa. Patsogolo pake panali kamawu kamene sindinakaonepo pa tsamba limenelo moyo wanga wonse. Ndinafunsa kuti, "Mayi Greer, apa akuti chiyani?" Ndinkadziwa, koma ndinafuna kumva ndi makutu. Iwo anavula magalasi n'kupita kukhitchini kukatsegula mpopi wa madzi popanda chotsuka.

Pambuyo pake anawerenga yonse. Ya kuimba ija unaikamo. Ndinaseka ndi kulira nthawi imodzi moti wa chipinda chapamwamba anagogoda pansi ndi tsache. Wabwerera, mwana wanga. Wandigwiranso dzanja.

Loweruka ndinapita nayo kuntchito m'thumba la pulasitiki. Pa nthawi ya chakudya Roscoe anaitenga, anawerenga milomo ikugwedera, kenako anavula chisoti. Roscoe ndi wa ku Alabama, sindinafunike kumufotokozera. Anangoti, "Cleophus, kwathu ayi, sizinachitikebe." Kenako anati, "Koma mkazi wokongola chonchi anakuona chiyani iwe?" Lero abusa aiwerenga mu tchalitchi pambuyo pa zolengeza, ndipo amayi a ku Mississippi amene ali mu mpingo muno anaimirira okha popanda wowauza.

Tsopano za ntchito. Zandipweteka, sindinama. Desiki ija ndinkaiona ndikatseka maso. Ndipo mantha andigwiranso, chifukwa amene anakwiya si Bambo Whitlow okha. Uzigona kwa azakhali ako Zenobia mpaka zizizire, ndipo usayende wekha msewu wa kumlatho. Zimenezi sindikupempha, ndikulamula.

Za ndalama usade nkhawa. Ndapita ku ofesi ya fakitale kukawauza kuti za Malichi zija ndasintha, ndigwirabe chaka china. Kunyumba ndinkathamangira munthu, ndipo munthuyo tsopano sathamangiridwa. (Ine Odessa Greer ndikuti chifuwa chawo sichili bwino, ndipo ndiwatengera kwa dokotala ngakhale powakoka ndi khutu.) Zimene awonjezera apazi usazimvere, ndi fumbi chabe. Abusa akuti akudziwa munthu ku nyuzipepala ya anthu akuda ku Chicago, ndipo atumiza nkhani yako kumeneko. Ukafuna kubwera, Mayi Greer ali ndi chipinda. Ukafuna kukhala kwathu n'kumalemba za kwathu, khala, malo ndi ako. Pa zimenezi sindinenapo kanthu, ndaona kuti umaganiza bwino ine ndikakhala chete.

Unditumizire nyuzipepala zina zisanu ngati zatsala. Dikoni Pruitt pa foni akuti zinatha tsiku lomwelo, anthu athu anagula ziwiriziwiri, ndipo ena amene sadziwa kuwerenga anagulanso.

Chinthu chimodzi chikundisowetsa mtendere. Mizere iwiri si kalata. Kamawu kaja kanadutsa bwanji pensulo yofiira? Dikoni akuti unadikira mpaka tsamba litapita kwa osindikiza, n'kukakaikamo mkonzi osadziwa. Azakhali ako akuti ayi, unaimirira pamaso pa mkonzi mpaka iye anaponya pensulo pansi, ndipo anakuchotsa pambuyo pake mafoni atayamba kulira. Aliyense akunena zake, ndipo ine bambo wa mtolankhani ndikumva nkhani ya mwana wanga kwa anthu a nyamakazi. Khala pansi pa tebulo la amayi ako undilembere yonse, kuyambira pamene unalowa pa khomo mpaka pamene unatuluka, amene ananena chiyani, amene anayang'ana pansi. Ulembe zoona zokhazokha, usadzikometsere ndipo usamunamizire munthu. Aliyense umutchule bwino, ndi ulemu wake patsogolo pa dzina. Bambo Whitlow nawonso.

Ine bambo ako,
Cleophus Tarver,
mwamuna wa Mayi Idella Tarver